Buluku la a Alufazema

Makina anga ali pakhonde la sitolo, pa Nchalo,
pomwe phulusa la nzimbe zowotcha
limatera pansalu ngati ntchentche.
Sindine dokotala ine.
Anthu ndimawadziwa ndi tepi basi.

A Alufazema nditawayeza koyamba
tepi inatsala pang'ono kuperewera.
Anaseka, nadzisisita pamimba:
"Iyi ndi ya thirakitala, telala,
zaka khumi ndi zisanu ndili chikhalire
pakati pa nzimbe za eni."

Kenaka kunabwera ludzu losamva chitsime.
Usiku kutuluka kasanu,
m'mawa nyerere zitaunjikana kuseri kwa bafa.
Kachilonda ka minga pachala
kanaona mwezi ukukhala, kanaonanso wina.
Kuchipatala anabaya chala china
nati, "Ndi shuga, bambo.
Mapiritsi awa. Koma mimbayi nayonso ili ndi mlandu."

Mwezi wa Juni anandibweretsera buluku:
"Bweza zala ziwiri."
Ndinabweza.
Ogasiti: "Bwezanso."
Ndinafunsa kuti kwagwanji.
Anati tiyi akumwa wosalawa supuni,
mandasi a pageti akungowapatsa moni,
a Nyadanga akuwaphikira mapira pang'ono,
chitambe chambiri, mlamba wowamba,
ndipo njinga yamoto yagona m'nyumba,
kuntchito akupita wapansi dzuwa lisanakwiye.

Okutobala, kutentha kosungunula phula,
pamsika panayamba manong'onong'o.
Kuno munthu akaonda, anthu amawerenga maliro.
Wina anati ndi kaja kachilombo.
Wina anati awadyera kumunda.
Mlamu wawo anabwera ndi fanta wozizira,
"Imwani, musatichititse manyazi,"
iwo analandira botolo, naligwira patsaya,
nalibweza losatsegula.

Ndinawaona tsiku lina ataima pa wogulitsa nzimbe,
akuyang'ana mwana akusenda ndi mano,
madzi akuyenderera m'chigongono.
Anaima nthawi yaitali.
Sindinawaitane.

Kachisanu, lamba anali ndi mabowo a msomali.
Anakhala pabenchi langa, natulutsa kabuku kachipatala,
manambala otsika ngati Shire wa m'chilimwe.
"Andiuza ndiyambe ndapumira mapiritsi.
Anena okha adokotala, sikuti ndadzilamula."
Ndinati, "Ndiye mwachira!"
Anapukusa mutu.
"Akuti wagona, sanafe.
Ngati ng'ona yapamchenga.
Ndizipitabe akandibaye chala.
Mimba ikabwerera, nayenso adzuka."

Anandiuzanso za mchemwali wawo wa ku Bangula
amene wadya masamba omwewo, wayenda mtunda womwewo,
koma wake wakana kugona,
wakhala naye zaka zambiri, jakisoni sangamusiye.
"Si ulesi," anatero. "Matupi sabadwa tsiku limodzi."

Ndinatenga sizasi kuti ndidule nsalu yotsala,
yonse ija ndakhala ndikupinda m'kati,
yokwana kusokera mwana kabudula.
Anandigwira dzanja.
"Usadule. Ipinde momwemo.
Ndikamayenda izindikhuza pamsana,
ndizikumbuka kuti malo ake alipobe."

Ndinasoka mzere wachisanu pambali pa inayo.
Analipira, navala, napita cha kumpoto,
wapansi, m'mbali mwa msewu,
mathirakitala odzaza nzimbe akuwapitirira,
buluku likuwakwana lero.
Za mawa tepi yanga sidziwa.