Ngolo Ziwiri kwa Che Saiti

Kuseri kwa msika wa Chinamwali,
kumene Che Saiti amalavulitsa chitsulo nyenyezi masanasana,
kunaima ngolo ziwiri zokhuthula zokha.
Ina yamatayala anayi, penti ikadanunkha.
Inayo mng'ono wake,
yoti munthu n'kuidutsa osacheuka.

Maso anga anakakamira pa yaikuluyo.
Ndinali nditayamba kale kumanga m'mutu:
mchenga wa ku Likangala ulendo umodzi basi,
maziko onse a ku Matawale atha,
foni ikulira, makontirakita akundichonderera,
fizi ya Asiyatu yalipidwa teremu isanatsegulidwe.

Ndinaisisita m'nthiti. Ndinafunsa mtengo.

Che Saiti sanayankhe.
Anakweza magalasi akuda pamphumi,
napita pa pikapu yanga, ija ya ndalama za penshoni,
natsegula chitseko, napukuta ndi chala chagirizi
kachitsulo kamene sindinakawerengepo
zaka zisanu ndi chimodzi.
"Ambwana, galimoto inalumbira kale apa.
Makilo ake ndi awa.
Siiwonjezera poti mwini wake ali ndi ngongole."

Anatola choko, nagwada pa lata.
Ngolo yopanda kanthu ili nalo thupi lake: chotsani.
Jeke yoitukula, batire, tayala lapadera: chotsani.
Chotsalacho ndiye mchenga wanu.
Pamphuno pa ngolo pali kulemera kotsamira msana wa galimoto,
pomwe pakhale inu, anyamata awiri ndi mafosholo awo.
Ndipo mchenga wa Febuluwale si wa Okutobala,
umabwera utameza mtsinje.

Nambala inatsala pa latapo
inali yowonda, yochititsa manyazi.

Ndinati injini yanga si yamasewera,
inakwerapo Ku Chawe itasenza matabwa.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Pokwera ngolo ndi mwana womvera, imangolondola.
Potsika m'pamene imakumbukira kuti ndi yaikulu.
Kafunseni Malizani wa ku Sadzi:
mabuleki anamununkhira ngati ubweya wowauka,
phazi lili pansi, phiri likumukankhabe.
Anafika kumunsi ngolo ili patsogolo,
iye akuyang'ana kumene wachokera."

Ndinakhala pa tayala lakutha.
Mitambo inali itavundikira phiri mpaka m'khosi.
Ndinaganiza za kilatchi, mtengo wake ku Limbe,
za ana a sukulu pa mtsetse wa ku Mulunguzi,
mmene amawolokera osayang'ana, mabuku pamutu.
Ndinaganizanso za msana wanga,
umene unasenza zoposa muyeso zaka makumi atatu
popanda kachitsulo kouikira umboni.

Ndinatenga yaing'ono.
Che Saiti analuza phindu, nandiwonjezera tcheni chaulere.

Lero ndimapita ku Likangala kawiri, pena katatu.
Anyamata amafosholo amandiseka,
ati ndikukoka wilibala.
Amati pang'onopang'ono ndi mtolo;
amene anapeka mawuwo sanagulepo dizilo.
Koma ndikaponda buleki pa Mpondabwino
timaima tonse, ine ndi katundu wanga,
nthawi imodzi, ngati anthu ogwirizana.
Ndikadina batani, ngolo imadzuka mwaulemu,
mchenga n'kutsetsereka, waaa,
mulu wochepa, inde, koma wafika.

Yaikulu ija ikadali pomwepo.
Nkhuku za Che Saiti zimausa pansi pake,
chisoso chamera pakati pa matayala.
Ndikamadutsa madzulo ndimachepetsa liwiro,
sindinama, ndimaiyang'anabe.
Asiyatu akakhala pambali panga amandigunda ndi chigongono:
"Bambo, maso kumsewu."