Nsomba ya Pakhoma la Ayezi

Bambo anga, Mbagnick Sarr, amapenta mabwato ku Guet Ndar.
Yanga ntchito n'kutakasa penti m'zitini za mkaka
ndi kutsuka mabulashi ndi palafini.

Chaka chino maoda achepa.
Bwato lobwerako chimanjamanja silifuna maso atsopano,
mwini wake amangomata phula podontha
n'kulikankhiranso m'mafunde.

Tsiku lina kamwana ka Ngoné, wogulitsa ayezi,
kanatola kobili mumchenga.
"Kanthu ka manomano aka pandalamapa n'kachiyani?"
Bambo anangoti duu,
mpaka penti inauma pabulashi.

Kutacha anakapempha khoma.
Analemba ndi khala mphuno yaitali ngati sowo ya akalipentala,
ndipo madala osoka maukonde anasiya singano zawo.
"Wachepetsa iwe!"
"Bodza, wakulitsa!"
Ablaye Fall, wa diso limodzi, anavula nsapato,
nayeza mapazi pansi, kuwerenga mokweza,
n'kukaima pafupi ndi chitseko.
"Yomaliza ndinaiona chaka chomwe Daouda anabadwa.
Daoudayo pano ali ndi imvi,
akuthyola tomato ku Spain."

Penti inatithera pamimba.
Ndalama yogulira ina, ndani akanatipatsa?
Tinatuma ana kugombe ndi matumba a mpunga.
Anabwera ndi mapatapata osiyana miyendo,
zitsekero za mabotolo, zingwe zobiriwira,
mutu wa chidole,
masupuni apulasitiki omwe tinakhomera kukhala mano.
Chimene chinandiopsa ine n'chakuti sanapite patali.
Dzuwa lisanafike paliwombo
nsomba yonse inali itakwana,
zotsala n'kudzaza wilibala.

Tsopano ilipo, kuyambira pampope mpaka pachitseko,
yonunkha mchere ndi guluu.
Amayi osenza mabeseni amachepetsa liwiro akafika apa.
Aphunzitsi amabwera ndi ana pamzere.
Alendo amajambula, n'kufunsa ngati ikugulitsidwa.

Sindikunamizeni.
Usiku zombo zakunja zimayakabe kutsidya kwa mafunde
ngati tauni yopanda misewu,
ndipo khoma silingazithamangitse.
Nyanja yamchere siiwerenga zojambula.

Koma dzulo mdzukulu wa Ablaye,
yemwe ukonde ukang'ambika amangoudulira m'madzi,
anabwera atausenza, ukudontha, wodzaza ndere,
naugwetsa patsinde pa khoma.
Sanatiyang'ane.
"Mwina mudzaufuna wa kumchira."

Malo a diso akadali bwalo la khala.
Ndawapatsa Bambo chitsekero chachikasu, chabwinobwino,
akana.
Ndawapatsa galasi la tochi, akananso.
Munthu amene wapenta maso pa mabwato mazana
akuti ili lokha aliyembekezere.
"Tidzaika ikadzabwera,
tione kaye kuti limaoneka bwanji."