Sabata ya Lembo Lamimba

Lolemba ndafika ndi choko chimodzi ndi theka.
Thekalo ndabisa m'thumba la siketi
ngati ndalama ya kuchigayo.
Kaundula akuti ana anga ndi zana ndi khumi,
koma simenti yosweka ya kuno ku Lifuwu
yalandira makumi asanu ndi atatu.
Enawo ali kumpunga, akupirikitsa mpheta.

Sabata ino ndi ya b.
Ndamuimika pabolodi: ndodo, kenako mimba kutsogolo.
"Lembani m'malere!"
Zala zonse m'mwamba, zikukanda mphepo.
"Lembani pamsana pa mnzanu!"
Apo ndiye kalasi yonse phwete,
Twaibu akuti Zelipa wamugirigisha dala.

Tatuluka, takhala pansi pa bwemba,
aliyense wasalaza kabwalo kake pamchenga.
Ndikuyenda chowerama pakati pa timitu tometa.
Wa Asiyatu mimba ili kumbuyo.
"Uyu si b, mwanawe. Watembenuka."
Osayankha. Wafufuta ndi chigongono.
Chiyambireni teremu, mawu ake amene ndawamva
ndi chifuwa basi.

Lachiwiri masamu.
Nthanga za bwemba, zitsekerero za mabotolo,
timitengo tomanga ndi mphira.
Zitatu kuphatikiza ziwiri.
Lusiyano wapeza zinayi, akulumbira kuti zinayi,
yachisanu ndikuiona ine, yatupitsa tsaya.

Lachitatu mawu andithera,
fumbi la choko lamanga msasa pakhosi.
Ndikungoloza ndi bango, iwo akuomba m'manja,
ba be bi bo bu,
mpaka chitsulo cha gudumu chalira pamtengo
ndipo makapu a phala andilanda kalasi.

Lachinayi mvula yabwera ndi ng'oma zake pamalata.
Ungakuwe bwanji, palibe akumva.
Tasunthira kukona kosadontha,
ndatsegula thumba la dongo la kudambo.
Twaibu waumba foni, akuimbira bambo ake ku Joni.
Zelipa waumba njinga ya kabaza yopanda unyolo.
Ng'ombe zachuluka, zina za miyendo itatu.
Asiyatu wakhala payekha, nsana kukhoma,
waumba tianthu tiwiri towonda ngati bango,
kalikonse ndi chotupa chake.
Ndafuna kufunsa, koma Lusiyano walira,
wina wamupondera ng'ombe.

Usiku ndalemba ndondomeko ya mawa ndi tochi pakamwa.
M'danga la ndemanga ndaika dzina lake,
kenako ndasowa choti ndilembe.

Lachisanu ndi lobwereza.
Dzuwa latuluka, mchenga ukadali wonyowa,
wogwira lembo bwinobwino.
Mmodzimmodzi akubwera kudzandilembera.
Iye wabwera pomaliza, tianthu take m'manja,
tauma, kena kang'aluka khosi.
Watiimika pamchenga, tonse tayang'ana kumsewu.
Pansi pa koyamba walemba b.
Pansi pa kachiwiri walemba uja ndinamukana.

"Awa ndi amayi pano,"
kamawu kakang'ono, kokhala ngati kadzimbiri.
"Awa ndi amayi mwana akabadwa.
Amubereka kumbuyo."

Ndakhala pansi, siketi ndi matope omwe.
Zaka khumi ndi zinayi ndikulimbana ndi malembo awiriwa,
ku koleji anandipatsa njira zinayi,
palibe anandiuza kuti ndi mayi mmodzi.

Ndapisa m'thumba, ndatulutsa theka lija.
"Tiye ukawalembe pabolodi onse awiri."
Sakufikira. Twaibu wakoka benchi ya aphunzitsi.
Choko chalira, ufa wagwera pamphumi pake.

Taweruka. Ndasesa, ndatola zitsekerero,
ndatseka mawindo ndi waya.
Bolodi sindinafufute.
Lolemba ndi sabata ya d,
ndipo a kumpunga aja akabwera
adzapeza phunziro litayamba kale.