Chilembo Chimodzi

A Njobvu anafika ndi fumbi la ku Chadiza m'nsapato,
foni atayikulunga m'kapulasitiki ka shuga.
Malaiti anali atangobwera kumene,
pulinta yanga ikutsokomola ngati munthu wa fodya.

Anati, mwanawe, tsegula apa.
Kalata ya munda wanga yatuluka,
koma taona dzina, alemba Njovu.
B wanga amudya.
Ikapo b chabe, ndikupatsa teni kwacha.

Ndinatsegula.
Pamwamba pa tsamba kachizindikiro kobiriwira
kali phee ngati bilimankhwe pa nthambi,
kuchitira umboni kuti wosayina anasayina,
ndipo chichokere m'manja mwake palibe wakhudzapo.

B sali patali.
Amakhala apa, pakati pa V ndi N,
chala changa chimamupeza ngakhale mumdima.
Koma chala chomwechi chili ndi mlandu.

Chaka chatha, nyengo yokumba mtedza,
Dailesi Shawa anabwera ndi makalata awiri a katundu,
nati ndiwaphatikize, ndiwachepetsenso,
foni yake yadzaza.
Ndinaphatikiza, ndinachepetsa.
Mawu onse analipo, manambala onse analipo.
Pa Mwami atatsegula pa kompyuta yawo
kobiriwira kaja kunalibe.
Lole inagona pachipata masiku atatu,
matumba akuwambika padzuwa,
wogula wa ku Mchinji n'kukagula kwa wina.
Dailesi sanandilalatire.
Amangodutsa pakhomo pano maso ali kutsogolo
kukasindikiza kwa Soko, kuseri kwa msika wa Kapata.

Ndiye ndinati, bambo, siginecha iyi si ya inki.
Ya inki imangokhala pakona pake,
siidziwa zimene zalembedwa pamwamba.
Iyi inawerenga zilembo zonse chimodzichimodzi,
ndi mipata yomwe, kenako n'kumanga mfundo.
Ili ngati thumba losokedwa ku depoti atalipima kale:
mukamasula ulusi kuti muponyemo njere imodzi,
njereyo ikhale yanu, ikhale yokhwima,
wolandira adzaona ulusi.

Anati, basi sindikiza,
ndilembe b ndi bolopeni, ujambulenso.
Ndinati kusindikiza ndisindikiza, mukasunge m'sutikesi,
koma limenelo lidzakhala chithunzi cha kalata.
Chithunzi cha ng'ombe
simungachimange pajoko.

Anakhala pa benchi, chipewa pabondo.
Kunja mabelu a njinga,
mnyamata wa mazira owiritsa,
phiri la Kanjala litafunda utsi wa lupsa.

Anati, b ameneyu atate anapita naye ku Walale
n'kubwera naye, nsapato atagulitsa.
Ali pa mtanda wa manda awo.
Lero andiuza kuti makina sakufuna?

Ndinati makina alibe mawu pa dzina lanu.
Anamudya ndi munthu, pa desiki,
mwina akuganiza za lendi.
Amene anamanga mfundo ndiye aimasule,
abwezeretse b, asayinenso.
Ine ndikaikapo, dzina likhala loona
koma kalata ikhala yabodza.

Fayilo ndinaikopera pa fulashi momwe inalili,
osaitembenuza, osaipanikiza, osaisunganso mwatsopano.
Ina ndinatumiza kwa mwana wawo Ganizani pa imelo,
yathunthu, osati chojambula cha pagalasi la foni.
Pakapepala ndinalemba zoti akanene ku ofesi
ndi kuti asaiwale reji.

Anawerenga ndalama za basi kawiri.
Zinakwana, koma za chakudya ayi.
Teni kwacha ija anaiika patebulo,
ndinaikankhira kwa iwo, anaikankhira kwa ine,
mpaka tinagwirizana pa thu kwacha ya pepala.

Anapempha lisiti.
Palibe amapempha lisiti ya thu kwacha, koma ndinalemba.
N, j, o,
pa b ndinatsindika bolopeni
mpaka pepala linabooka.

Anaiyang'anitsa pa kuwala kwa pakhomo,
anaipinda kanayi,
n'kuilowetsa m'kapulasitiki ka shuga muja.
Malaiti anathimanso asanafike pa msewu.