Manambala Awiri pa Khadi la Bambo

Anamwino a ku Ulongwe analemba manambala awiri,
ina pamwamba, ina pansi, kamzere pakati,
ngati masamu aja anandithamangitsa kusukulu.
Bambo anapinda khadilo panayi,
nalilowetsa m'jekete pamodzi ndi lisiti la feteleza.
Amvekere: Ine palibe pamene pakundiwawa.

Mawu ake anali m'Chipwitikizi.
Anawamasula ndi Rozalina, chitsirizira wathu,
usiku, ndi tochi ya pafoni,
chala chikukwawa pansi pa chilembo chilichonse.
Kenako anakweza mutu:
Ababa, mukukumbuka paipi ya pampu ija
inaphulika m'dimba la kachewere ku Domwe?
Kodi inayamba yalira?
Bambo anangoti kukamwa yasa.
Paipi ija inkaoneka yabwinobwino
mpaka m'mawa umene inang'ambika.

Tonse tinaganiza za malume Jeremiyasi,
amene anagwa akumanga thumba pa njinga,
pakamwa kupotoka, mkono lende.
Tinagulitsa mbuzi ziwiri pofunafuna amene anawalodza.
Palibe anawamangapo kansalu kopopa kaja pamkono.

Mayi sanachite msonkhano.
Mchere unangoyamba kuchoka pang'onopang'ono
ngati mlendo wozindikira kuti wakhalitsa.
Kalido, timapaketi tachikasu tija, sitinaonekenso.
Sabata yoyamba bambo anakankha mbale:
Kodi m'nyumba muno mwagwa maliro?
Mayi anati: Ayi, ndiwo tikuwakanawo.
Ndipo anadya chisoso chomwecho,
ife tonse chomwecho,
kuti pasakhale mbale ya wodwala payokha.

Kunena zoona, ine zinandivuta.
Ndinkazemba kupita pa chiwaya kumsika,
nkhumba yonona, mchere wa tsabola pakapepala,
n'kupukuta milomo ndisanafike pakhomo.

Bambo tsopano kachasu amamulonjera chapatali.
Fodya ndiye akulimbana nayebe,
masiku ena amapambana ndi fodyayo.
Mbandakucha amayenda mpaka pa mlatho,
Rozalina pambuyo ndi ndowa, akuwerenga mapazi mokweza
mpaka atamukalipira.

Mwezi wa Juni, chisanu chikuluma makutu,
ndinawanyamula pa njinga yamoto kukayezetsanso.
Nambala yapamwamba inali itatsika masitepe angapo.
Anamwino anati: Musaleke, a Chimphepo, ulendo ukadalipo.
Kenako anandiyang'ana ine:
Nanga woperekezayu?
Ndinaseka. Zaka makumi atatu zokha, ine?
Kansalu kanafufuma, kanandifinya,
kanapuma.

Anamwino anatenga khadi latsopano.

Pobwerera bambo sanayankhule
mpaka titadutsa pa chiwaya paja,
utsi wa mafuta ukutikodola.
Anandigwira paphewa, pafupi ndi khutu:
Usaime, mwanawe. Ndimadziwa.

Lero pa msomali wa kalendala
papachikika makhadi awiri,
ndipo Rozalina, ndi pensulo yake yotafunidwa,
amatiitana mayina Loweruka lililonse
ngati ana a sukulu.