Si Madzi, Si Mwala

Ndimakonza mafoni pakhonde la sitolo ku Limbe,
tebulo langa ndi chitseko chakale pa makreti awiri.
Lachiwiri lina anafika mayi wa nsapato zafumbi.
Sankafuna foni. Ankafuna magalasi osweka
amene ndimataya m'katoni ya sopo.
Mumtima ndinati mutu sukuyenda uwu,
ndinatchula mtengo wokwera.
Analipira osanenerera.

Falesi Likoswe, dokotala, koma osati wa jakisoni.
"Banga lakudali, longa inki yotayika,
iwe umati n'chiyani?"
Ndinati madzi.
"Madzi sadziwa kumene ayang'ana.
Mwala umadziwa, koma suyenda.
Ichi chimayenda chitayang'ana kumodzi,
ngati anthu otsika ku Ndirande mbandakucha:
aliyense phazi lake, aliyense ngongole yake,
koma nkhope zonse kumafakitale a ku Makata."

Anabadwira komweko, kuseri kwa msika.
Bambo ake ankakonza mawotchi a mivi
mpaka kunabwera a manambala, opanda mtima wogunda.
Ali sitandade fili anaswa imodzi ndi mtondo wa amake
kuti aone kumene seveni amakagona
akachoka kuti eyiti alowe.
Inali ya kasitomala.
Mkwapulo wake ankaufotokoza akuseka mpaka kutsokomola.

Anakaphunzira kudziko kumene dzuwa limaweruka msanga.
Anamunyengerera kuti akhale konko.
Anabwerera ndi maikulosikopu m'sutikesi,
majuzi onse atawasiyira mnzake.

Tsiku lina ananditengera ku Chichiri,
kachipinda konunkha sipiriti, zenera lomata ndi nyuzipepala.
Kadontho pakati pa timagalasi tiwiri.
Ndinaika diso.
Amayo! Chitenje chimene palibe fakitale inachidindapo,
chikasu kulowa m'chobiriwira,
timizere takuda kukumana anayianayi
ngati mphambano zopanda wapolisi.
Anawonjezera moto pang'ono: mdima bii.
"Kukatentha kwambiri zimaiwala mzere."
Anazimitsa. Tinadikira.
Maluwa anabwerera, koma osati aja.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ali m'kachipindako.
Magetsi akathima usiku, miyeso ya milungu itatu inkafa,
m'mawa n'kuyambanso tsamba latsopano,
deti pamwamba, osatukwana.
Okutobala ankakuta mabotolo ndi thumba lonyowa.
Wina wa suti anamufunsa pamsonkhano,
"Zimenezi zidyetsa ndani?"
Iye anangoloza foni imene bamboyo ankasisita ndi chala.
Ndalama sizinabwerebe.

Mapepala ake amawerengedwa kutali, akutero.
Kuno anansi ankamudziwa ngati mayi uja
wosakwatiwa, wogula zinyalala.

Kenako ng'ala.
"Chiperoni chandilowa m'maso," anatero,
"nachonso si mvula, si mphepo."
Ophunzira ankamuwerengera manambala,
iye n'kumawakonza atatsinzina:
"Bwereza, pamenepo wathamanga."

Tinamuperekeza mu Juni, kukuwaza.
Ndinatsalira m'mbuyo kumanga chingwe cha nsapato,
nditadzuka ndinaona msewu wa ku Chilomoni utadzaza:
maambulera, mayunifomu a mvano, anyamata a majini,
wina kupitirira mnzake, wina kutsalira,
palibe wogwira dzanja la wina,
koma nkhope zonse kumodzi,
kuyenderera pang'onopang'ono kukwera mtunda.
Ndinafuna kumukodola, ndimuonetse.

Katoni ija yadzaza tsopano.
Mwini sitolo akuti ikuitana mphemvu.
Dzulo ndinathyola galasi la kasitomala mwangozi,
inki ija n'kuyamba kufalikira pansi pa chala changa,
ndipo ndinakhala ndikuiyang'ana
mpaka mwini foni anandigwedeza phewa
kufunsa ngati ndilipira.