Mipeni ya Che Ajilu

Anzawo akamachokera ku Joni amabwera ndi malata,
ena wailesi, ena njinga yamoto.
Amuna anga, Che Ajilu, amabwera ndi mipeni.

Uwu wa chigwiriro cha nyanga anaugula ku Nampula
kwa nkhalamba yogontha khutu limodzi.
Uwu wokhota ngati mwezi wa Ramazani
akuti unali wa woyendetsa chombo ku Zanzibar.
Akuti. Wogulitsa sasowa nkhani.

Pa chipata cha Chiponde anawatsitsa m'basi.
Wa kasitomu anamasula mpango, nawerenga:
isanu ndi iwiri.
"Bambo, ku Namwera kwabuka nkhondo?"
Iwo anatulutsa malisiti onyowa ndi thukuta,
basi osadikira.
Anafika usiku pa kabaza,
chikwama atachifungata ngati khanda.

Lachisanu akabwerako ku mzikiti
amaiyala pamkeka,
kuipaka mafuta a makina osokera,
kuiitana mayina umodziumodzi.
Palibe umene unalawapo
ngakhale anyezi.

Ine kuseri ndikulimbana ndi mamba a nsomba,
kampeni kanga kobuntha,
chigwiriro chomanga ndi mphira wa chubu.

Dzulo atapita kumsika
ndinatenga wa ku Zanzibar uja.
Unalowa m'papaya ngati ukudziwa njira.
Ndinautsuka, ndinaupukuta,
ndinaubwezera m'chimake.

Atabwera anausolola, naununkhiza,
nandiyang'ana nthawi yaitali,
mpaka ntchentche inatera pamphumi pawo osaiingitsa.
Kenako anati, "Abiti Sumani,
latsalako papaya lija?"